Nyimbo za m'mafilimu zikagwa m'manja mwa oimba jazz

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji oimba jazz akatenga nyimbo ya m'filimu amaipinda mpaka osaizindikiranso, komanso kuti muyambire pati kumvetsera. Nyimboyo imakhala ilipo ndithu, kungoti khutu limafunika kulizoloweza.

Poyamba amaiimba monga mukuidziwira. Kenako besi ndi piyano zimangozungulira makodi a nyimbo yomwe ija (makodi ndi manoti angapo olira pamodzi, operekeza nyimbo), woimba lipenga n'kumapeka zakezake pamwamba pake, pompopompo. Kumapeto amabwerera pomwe anayambira. Ndiye mukasochera pakati, ng'ung'udzani nyimbo yoyamba ija chamumtima uku mukutsatira besi, mudzaona ikukwana ndendende.

Yambani ndi "Someday My Prince Will Come" ya Miles Davis, woimba lipenga, ya 1961. Inachokera m'katuni ya Disney ya Snow White ya 1937, pomwe mtsikana akulota za mwamuna wodzamutenga. Paul Chambers amatsegula pogunda noti imodzimodzi pa besi, ngati mtima wa munthu amene akudikira. Miles amalowa lipenga lake atalitseka kotulukira mawu, mawu ake owonda, osathamanga, ena kumangowasiya osaimba. Cha kumapeto John Coltrane amabwera ndi sakisofoni n'kudzaza malo onse aja Miles anasiya. Ine pamenepo ndimabwezera kawiri katatu, sinditopa napo.

Mukatero pitani ku "On Green Dolphin Street", yomwe Bronisław Kaper anapekera filimu ya 1947. Miles anaijambula mu 1958, pa piyano pali Bill Evans. Filimuyo ndi ochepa amaikumbuka, koma nyimboyo aliyense wophunzira jazz amadutsamo. N'chimodzimodzinso "Stella by Starlight" ya Victor Young, yochokera m'filimu ya mizukwa ya 1944, The Uninvited.

Achemwali ena atchula "My Favorite Things" ya Coltrane ngati nyimbo yochokera m'filimu ya The Sound of Music. Asankha bwino, koma tikonze pang'ono: iye anaijambula mu 1960, filimu ya The Sound of Music inatuluka mu 1965. Anaitenga m'sewero la pasiteji la ku Broadway, ku New York, la 1959. Imeneyi musayambire, chifukwa njira ya kung'ung'udza ija siigwira bwino. Coltrane anachotsa makodi ambiri, McCoy Tyner n'kumangobwereza ochepa pa piyano, Elvin Jones akukankha ndi ng'oma, kwa mphindi zoposa 13. Idikireni mpaka khutu lizolowere za Miles zija, ndipo muimvere usiku kuli zii, ndi mahedifoni.