Achimwene a Citi Golf, nkhani ili pobwerera

Achimwene, ndaona funso lanu lija loti kalabu yanu ya ma VW ili ndi msonkhano wa dziko lonse ku Durban kumapeto kwa September ndipo mukufuna mupite pa Citi Golf yanu, ndiye mukufunsa za ndalama, kogona, zoyenda mumdipiti ndi anzanu komanso mmene mungawinire mpikisano wa galimoto yowala. Za polishi ndi mpikisanozo akuyankhani anyamata aja amatha Loweruka lonse akutsuka marimu ndi mswachi. Ine ndikamba za msewu basi, poti N3, msewu waukulu wochoka ku Joni kupita ku Durban, ndaiyenda ndithu ndipo inandionetsapo zakuda.

Onse ayankha pamwambapa akukamba zopita, palibe ndi mmodzi yemwe watchula zobwera. Joni ili pamtunda, mamita opitirira 1,700 kuchokera pa nyanja, pomwe Durban ili mmphepete mwa nyanja penipeni, makilomita cha mma 570 kuchoka kuno. Ndiye popita mumakhala mukutsika, ngakhale galimoto yodwala imakafika ikuimba nyimbo, mwinanso muzamva ngati yawonjezera mphamvu chifukwa kumunsi kuja mpweya ndi wochuluka, injini imapuma bwino. Vuto ndi Lamulungu, tsiku lobwerera. Mwatopa, ndalama zathera kunyanja, anzanu aliyense akuthamangira kuntchito Lolemba, ndipo galimoto ija ikuyenera kukwera zonse munatsika zija, chikweza cha Town Hill pongodutsa Pietermaritzburg, kenako chikweza cha Van Reenen, muli kumbuyo kwa mathiraki oti akuyenda ngati akukankhidwa ndi manja. Galimoto zakalezi zimafera pamenepo.

Ife zinatichitikira pa Golf ya alamu anga. Kutatsala masiku ochepa anakaisiya kwa makaniko wina wa kuseri kwa nyumba, mnzathu wakumudzi yemwe, kuti asinthe pampu ya madzi. Mkuluyo anasinthadi, koma anachotsanso themositati nkunena kuti zimenezi ndi za kwa azungu kozizira kuno sizifunika, mu ledieta anangothiramo madzi a pampopi opanda mankhwala aja, ndipo waya wa fani anangoupota ndi zala nkuumata tepi. Sanatiuze chilichonse. Popita bwinobwino, tinakafika tikuseka. Pobwera masana dzuwa likuswa mtengo, tili pakati pa Van Reenen mu giya yachiwiri kumbuyo kwa thiraki, kasingano koonetsa kutentha kwa injini kaja kanayamba kukwera, kenako kagetsi kofiira nkuyamba kuphethira, pamene timapeza poti tiime nthunzi inali ikutuluka kale mmbali mwa boneti. Titatsegula tinapeza waya uja ukulendewera, tepi itasungunuka, fani siimazungulira nkomwe. Titasolola kachitsulo koyezera oyilo kanatuluka ndi zinthu zooneka ngati tiyi wamkaka, gasiketi yapita. Anzathu a mumdipiti aja? Awiri analiza hutala nkudutsa, ena anangoika tizithunzi ta manja opemphera pa gulupu ya WhatsApp. Sindikuwada ayi, pamalo paja pamavuta kuima ndipo aliyense anali ndi ana mgalimoto, koma dziwani kuti mdipiti umakhalapo popita, pobwera aliyense ndi mutu wake.

Bulekidauni, galimoto yokoka zinzake zikafa, inabwera yokha osaiitana, amakhala akungozungulira pamenepo. Kuchoka pamenepo kukafika ku Harrismith ndi makilomita ngati 30 okha koma anatilipiritsa cha mma R3,500, ndipo anayamba avuta kuti galimoto akaisunge kuyadi kwawo komwe amawerengera tsiku ndi tsiku. Kuonjezera kogona usiku umenewo, basi yobwerera ku Joni, kupala hedi, gasiketi, ndi ulendo wina wokaitenga, zinaposa ndalama ya ulendo wonse. Ndiye mukamva ndikulimbikira za madzi a injini musati nkhalambayi yasowa chokamba.

Chilichonse chofuna kukonza pa galimotoyo chikonzedwe kutatsala masabata atatu kapena kuposa, osati Lachinayi usiku. Kenako muiyendetse, mupite nayo ku Heidelberg ndi kubwerera, kapena ku Hartbeespoort masana kukutentha, mukafika muisiye ikulira osaizimitsa mpaka mumve fani yadzuka yokha nkuzimanso yokha. Ikapanda kudzuka musanyamuke. Citi Golf anasiya kupanga mu 2009, ndiye ngakhale yanu ikhale yomaliza kutuluka ku fakitale ku Uitenhage, mapaipi a ledieta aja ndi okalamba, afinyeni ndi dzanja injini itazizira, akamamveka ofewa kwambiri kapena olimba ngati akufuna kusweka sinthani onse, sadula. Mufunsenso kuti lamba wa taimingi anasinthidwa liti, ngati munagula galimotoyo kwa munthu amene sanakuuzeni, ingosinthani. Mabuleki nawo, chifukwa popita ndi amene amagwira ntchito, Van Reenen ndi Town Hill mutsike ndi giya osati kungoponda buleki mpaka inunkhe. Mu buti musasowe fanibeluti, mafyuzi, makalampu a mapaipi, chigubu cha madzi cha malita 5, oyilo, katirayango kofiira kaja, jeke yogwira ntchito, sipeya yopopa, ndi kebulo ya klatchi. Kebuloyo musaiwale, ma Golf amenewa amadula kebulo popanda kutsanzika ndipo Lamulungu mmatauni a mnjira ang'onoang'ono mashopu a zipangizo amakhala otseka.

Mwati yanu munaitsitsa kuti bodi ikhale pafupi ndi pansi eti. Pa N3 penipeni palibe vuto, koma mukadzaza anthu anayi, kulaboksi, tenti ndi zikwama, matayala akumbuyo azikhula pa bodi ulendo wonse mpaka kutha mmbali. Katundu wolemera mumupatse mnzanu wa bakkie (pikapu). Ndipo apolisi apamsewu a ku KwaZulu-Natal, a RTI aja, sali ngati a JMPD, apolisi a mumzinda wa Joni munawazolowera kuno, galimoto zotsitsa zikamayenda mumzere zimawakoka okha. Nambala puleti zing'onozing'ono zija za sitailo ya ku Germany chotsani muike zovomerezeka, mukaziikenso mukafika pabwalo la chionetsero ngati mukufuna zithunzi. Magalasi akuda kwambiri chimodzimodzi. Disiki ya layisensi ya galimoto ikhale yosatha. Layisensi ya ku Malawi imaloledwa bola ikhale yosatha nthawi, koma ngati munatenga kale chilolezo chokhala muno mpaka kalekale ndiye lamulo limafuna musinthe nkukhala ndi ya kuno. Pasipoti ndi pemiti zikhale nanu mthumba, ndipo ngati galimotoyo ili mdzina la bwana wanu kapena mbale wanu chifukwa inu simunatengebe nambala ija ya alendo yolembetsera galimoto, akulembereni kalata yokulolani kuyenda nayo, mutengenso kope la chiphaso chake. Pa rodibuloko munthu wolankhula Chizulu chopotoka ali pa Golf ya dzina la wina, mafunso amachuluka, mukudziwa nokha.

Pa ndalama ndingokupatsani zongoyerekeza. Matolo geti alipo asanu, De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi ndi Mariannhill, mu 2025 onse pamodzi anali cha mma R350 ulendo umodzi, ndiye ikani R700 kapena kuposa padera. Achimwene ena amene alemba pamwambapa kuti matolo anathetsa akusokoneza zinthu, zimene anazimitsa mu April 2024 ndi ma e-toll, matolo a makamera a muno mu Gauteng, a pa N3 alipobe ndipo amakwera chaka ndi chaka cha mu March. Petulo, kupita ndi kubwera kuphatikizapo kuzungulirazungulira komweko ndi malita 110 kapena 120, ine ndingasunge R2,500 mpaka R3,000 malinga ndi mtengo wa mwezi umenewo komanso phazi lanu. Kumunsi kuja petulo amatsikako mtengo pang'ono, ndiye dzazani thanki musananyamuke pobwera, koma petulo wa mtundu wa 93 simukampeza, kuja ndi wa 95. Kogona kwabwinoko ndi cha mma R700 mpaka R1,200 pa usiku, ndipo poti 24 September ndi holide, ngati msonkhano wanu wagundana ndi wikendi imeneyo mitengo imakwera ndipo malo amatha msanga. Kulowa pamsonkhanopo ndi matisheti mufunse akomiti. Koma pamwamba pa zonsezi pakhale R4,000 yoti simuikhudza ngakhale anzanu akunyengerereni bwanji, ndi ya bulekidauni. Ngati mulibe, lowani AA, bungwe lothandiza oyendetsa galimoto ikafa panjira, kapena funsani a inshuwalansi yanu ngati amakoka galimoto ndipo mtunda wautali bwanji, chifukwa ena amangokoka makilomita ochepa otsalawo mulipire nokha. Sungani nambala iyi mufoni, 0800 63 4357, ndi ya kampani yosamalira msewu wa N3 kuyambira ku Heidelberg mpaka ku Cedara, amathandiza ndipo amakuuzaninso ngati kutsogolo kwatsekeka. Wa bulekidauni akabwera yekha musasaine pepala lopanda mtengo, alembe ndalama ndi komwe akuipititsa musanamupatse makiyi.

Kogona ndilibe dzina loti ndikupatseni, langa ndi funso limodzi loti muwafunse musanatumize dipoziti: galimoto igona kuti? Ikhale mkati mwa mpanda, geti lotseka, osati "pali mlonda pamsewu". Citi Golf akuba amaitsegula mosavuta, ndipo wikendi yoti mtauni mwadzaza ma Golf okongola iwonso amadziwa. Loko ya giya kapena ya chiwongolero tengani. Ndipo zipinda zotsatsa pa Facebook zotchipa modabwitsa zija, zoti tumizani theka lero lomwe anthu akulimbirana, zisiyeni, bola mugone komwe kalabu yabukitsa ngakhale kudule pang'ono, galimoto zonse zimakhala pamodzi.

Wina walemba kuti munyamuke 12 koloko usiku mudzere misewu ya mmbali kuti muzembe matolo. Kkkk ayi achimwene, ameneyo mwina amayenda pa Hilux. Golf yotsitsa, mumdima, mmaenje, pofuna kupulumutsa R350, limu imodzi yokha ikapindika mwaluza kale kuposa pamenepo. Komanso usiku mmisewu yotuluka muno mu Gauteng muli anyamata otchera misomali ndi miyala kuti muime. Nyamukani kukuyera, cha mma 5, mukapume ku Harrismith komwe kuli ngati pakatikati, ine ndimakonda pamenepo chifukwa pali malo okwanira oimika galimoto zambiri, mumadya mutakhala pansi, injini ipumeko musanayambe kutsika phiri. Muoneponso pansi pa galimoto ngati pakudontha kanthu. Nyengo ya kumeneko musaidelere poti ndi September, mu 2024 mwezi womwewu kunagwa sinowo mpaka N3 inatsekedwa, anthu anagona mgalimoto usiku wonse cha ku Van Reenen komweko. Bulangeti ndi jekete ponyani mu buti. Cha ku Hilton nako nkhungu imatha kutseka msewu masana enieni.

Mumdipiti musamalimbane ndi anyamata a ma GTI atsopano. Iwo liwiro la 140 samva kanthu, inu mukawatsatira ndi Citi Golf yanu singano izikhala mmwamba ulendo wonse, ndipo mbali ya KwaZulu-Natal kuli makamera aja owerengera nthawi imene mwatenga kuchoka pa kamera ina kufika pa ina, ndiye zochepetsa liwiro mukaona kamera sizithandiza, chindapusa chimakupezani kunyumba. Pezani anzanu awiri kapena atatu a galimoto zakale ngati yanu, mugwirizane kuti muziyenda 100 kapena 110, ndipo mupangane poyera musananyamuke kuti pobwera wina akafa panjira enawo aima. Mmodzi akhale ndi chingwe chokokera.

Za Loweruka usiku sindikuletsani, koma makiyi asiyeni kuchipinda muyitane Uber. Malire a mowa mmagazi ndi 0.05, mabotolo awiri mwina mwadutsa kale, ndipo ife alendo mlandu woterewu sumathera pa chindapusa, umakatulukanso pamene mukukonzanso pemiti akafuna kalata ya kupolisi. Komanso wodzuka ndi matsire ndi amene amanyamuka 12 koloko masana nkukafika pa Van Reenen nthawi yotentha, magalimoto atathinana. Lamulungu nyamukani mmamawa, kapena ngati abwana angalole pemphani Lolemba mubwere mwakachetechete.

Ngati mtima ukukayika ndi galimotoyo, chaka chino kwerani ya mnzanu mugawane petulo, yanuyo muyambe mwaizoloweza pafupi. Ku Modderfontein a Piston Ring, kalabu ya galimoto zakale, amakumana Lamulungu lachitatu mwezi uliwonse, ndipo chionetsero cha galimoto cha Cars in the Park ku Zwartkops cha ku Pretoria chimachitika mu August, uko ikakufera mlamu wanu akhoza kubwera ndi chingwe. Mukapitabe ku Durban, pobwera muitsukitse ndi kunsi komwe, mpweya wa mchere uja ndi Golf yakale sizigwirizana, dzimbiri limayambira mmakona a galasi lakutsogolo ndi pansi pa batire.

Koma simunanene, yanuyo ndi ya kabureta kapena ya injekishoni? Chifukwa ngati ndi ya kabureta ndipo anaitchunira mpweya wa kuno ku Joni, ikafika kunyanja imatha kuyamba kulira ngati mwaika timiyala mu injini mukamaponda pachikweza, ndiye pamafunika makaniko wodziwa aibwezeko taimingi pang'ono. Mundiuze chaka chake ndi injini yake.