Masipika atsopano koma besi palibe: yambani mwaona mawaya

Bambo wina wa ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu, wandilembera imelo. Akuti anagula masipika awiri ndi ampulifaya m'tauni, ndipo mu shopu besi inkagunda mpaka pachifuwa. Atafika nazo kunyumba, nyimbo zikumveka zopyapyala, ng'oma ikulira ngati chitini. Akufunsa ngati anawagulitsa katundu wachinyengo, ndiponso ngati ndi bwino akabweze.

Bambo, musanaitane wa kabaza, tembenuzani masipikawo muone kumbuyo. Ine ndikukayikira mawaya kuposa masipikawo.

Sipika iliyonse ili ndi polumikizira pawiri, pofiira ndi pakuda. Waya wochoka pofiira pa ampulifaya ayenera kukathera pofiira pa sipika, wakuda chimodzimodzi. Mukasemphanitsa pa sipika imodzi yokha, ziwirizo zimayamba kukokanakokana: ina ikamakankhira mpweya kutsogolo, inzake imakhala ikuukokera kumbuyo. Mawu a woimba ndi gitala amamvekabe, koma besi ya uku imazimitsa besi ya uko. Palibe chimapsa, palibe chimanunkha, n'chifukwa chake munthu amatha chaka chathunthu akumvera nyimbo zopanda thupi osadziwa. Vutoli limachuluka mukalumikiza ndi waya wa magetsi wamba amene mbali zake ziwiri n'zofanana mtundu.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani nyimbo ya besi yambiri, ya rege ingachite, kenako potozani batani la balance, logawa mawu pakati pa sipika ya kumanzere ndi ya kumanja, kuti pazilira sipika imodzi yokha. Besi ikakula pamene ikulira imodzi, n'kuchepa mukabwezera pakati, mwalipeza vuto. Zimitsani ampulifaya, sinthanitsani mawaya awiri a sipika imodzi, osati zonse ziwiri. Ngati mawayawo alibe chizindikiro, achotseni ku ampulifaya n'kuwagunditsa pang'ono pa batire la tochi la 1.5 V. Chimbale cha sipika, chija chimanjenjemera kutsogolo kwake, chikatulukira kunja, waya amene wakhudza kumutu kwa batire ndiye wa pofiira.

Mawaya akakhala bwino, yang'anani chipinda. Funde la besi ya 50 Hz (kunjenjemera ka 50 pa sekondi) ndi lalitali pafupifupi mamita 7, kuposa pabalaza pa nyumba zambiri za ku Chibavi kapena ku Zolozolo. Limagunda khoma n'kubwerera, ndipo pena limaunjikana, pena limafafanizana. Pakati penipeni pa chipinda ndi pamene besi imakonda kusowa, ndipo ndi pomwe ambiri timaika mpando. Nyimbo ikulira, yendani mukaime pakona. Mukaimva yadzaza kumeneko, masipika anu alibe mlandu. Asunthireni pafupi ndi khoma, mpando nawo muubweze kumbuyo. Koma ngati ali ndi bowo lotulutsira mpweya kumbuyo, musawapanikize pakhoma, siyani mpata wokwana chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Suzumiraninso m'bowomo, chifukwa opanga ena amatsekamo ndi siponji yomwe imachepetsa besi.

Kumbukirani kuti shopu munagulayo mwina ndi kachipinda kakang'ono, sipika zili pakona, batani la besi analipotoza mpaka kumapeto. Pabalaza panu ngati palibe siling'i, pamwamba pali malata okha, besi ina imatulukira komweko.

Za mabatani sinditalikitsa. Ampulifaya ikakhala ya mtundu wa home theatre, onani m'menyu ngati masipika anaikidwa pa "small". Zikatero makinawo amadula besi yonse ya pansi pa 80 Hz, kapena chapomwepo, n'kuitumiza ku subwoofer, sipika yapadera ya besi yokha, yomwe inu mulibe. Sinthani ikhale pa "large". Ngati mumalizira pa foni kudzera pa Bluetooth, zimitsani equalizer ya pa foniyo, yomwe imakweza kapena kutsitsa besi ndi mawu ena, ndipo yesaninso ndi fulashi kapena wailesi kuti mufananize.

Pali china chomwe ogulitsa sanena. Chingwe chonenepa kwambiri pa gitala ya besi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz, ndipo kasipika ka mainchesi 4 kapena 5 sikangafike kumeneko mwamphamvu, kaya pa katoni alembapo mawati masauzande angati. Manambala a mawati olembedwa kuti PMPO aja ndi okopera ogula, oyenera kuwakhulupirira ndi olembedwa kuti RMS, osonyeza mphamvu yomwe sipika ingapirire mosalekeza. Ngati anu ndi aang'ono chotero, chokuthandizani ndi subwoofer. Chonde musawakakamize pokweza besi ndi volyumu mpaka kumapeto, mudzawotcha makoilo a masipika atsopano, ndipo shopu sidzawalandira.

Zonsezi mukayesa, chotsani chophimba kutsogolo, lizani sipika imodziimodzi, muike chala mopepuka pa chimbale chachikulu. Chikakhala kuti sichikunjenjemera, kapena chikukhwekhwereza, imeneyo ndi yowonongeka. Pamenepo tengani lisiti mubwerere nayo kumene munagula, ndipo akailumikize inu muli pomwepo.