Msana, khasu ndi thumba la mbatata: mayankho kwa alimi

Pa misonkhano ya alimi imene takhala tikuchita m'madera a Bembeke ndi Tsangano, mafunso ena amene abwera sanali a chiwawu cha mbatata kapena a feteleza, koma a kupweteka kwa msana ndi khosi. Mlangizi wa zaulimi si dokotala, komabe kagwiridwe ka khasu ndi kanyamulidwe ka zokolola ndi mbali ya ntchito yathu, choncho ndayankha mafunso atatu amene abwerezedwa kwambiri.

Bambo wina wa ku Tsangano anafunsa kuti: "Thumba la feteleza la makilogalamu 50 ndimayenda nalo paphewa popanda vuto, koma msana unandigwira tsiku limene ndinkatukula ndowa ya madzi kudimba. Zimenezi zimatheka bwanji?"

Bambo, chimene chimavulaza msana si kulemera kwa katundu kokha, koma kutalikira kwake ndi thupi. Fupa la msana si limodzi. Ndi timafupa 33 tosanjikizana, ndipo 5 ta m'chiuno ndi timene timasenza gawo lalikulu la thupi. Pakati pa timafupati pali tizinthu tofewa tokhala ngati nkhata, timene timalandira kulemera konse kochokera kumtunda. Minofu imene imadzutsa munthu akawerama inagwira pafupi kwambiri ndi timafupati, pamtunda wa masentimita pafupifupi 5 okha. Aliyense amene anatembenuzapo mwala ndi mgwala akudziwa kuti wogwira kumapeto kwa chitsulo amagwiritsa ntchito mphamvu zochepa, pamene wogwira pafupi ndi mwala amatuluka thukuta pachabe. Minofu ya msana ili ngati munthu wogwira pafupi ndi mwalayo. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo mukaitukula mutawerama, ili masentimita 40 kutsogolo kwa chiuno, minofu iyenera kukoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwa ndowayo ka 8, kutanthauza makilogalamu 160, tisanawerengere mutu, chifuwa ndi manja anu zimene nazonso zikulendewera kutsogolo. Kukoka konseko kumathera pa tinkhata ta m'chiuno tija. Thumba la paphewa lili pafupifupi pamwamba penipeni pa msana, n'chifukwa chake munaliona ngati lopepuka.

Choncho potukula chinthu, fikani nacho pafupi mpaka chikhale pakati pa mapazi, pindani mawondo ndi chiuno, chikumbatireni pamimba, ndipo dzukani ndi mphamvu ya ntchafu ndi matako, kumene kuli minofu ikuluikulu. Choipa kwambiri ndi kupotokola thupi katundu ali m'manja, monga amachitira anyamata okweza matumba a mbatata pa lole ku Lizulu, amene amatola thumba kumanzere n'kuliponya kumanja mapazi ali pamalo amodzi. Sunthani mapazi, thupi lonse litembenukire limodzi. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, linaika makilogalamu 23 ngati malire a katundu amene munthu angatukule zonse zili bwino, ndiye thumba la mbatata losokerera pamwamba lija ndi la anthu awiri, ngakhale mnyamata atafuna kuonetsa chamuna.

Mayi wina wa ku Bembeke anafunsa ngati ndi zoona kuti mpini wautali ndi wa anthu aulesi, popeza apongozi awo amatero.

Mayi, apongozi anu tiwalemekeze, koma pankhaniyi sindikugwirizana nawo. Mizere yotalikirana masentimita 75, monga timalangizira pa chimanga, mukailumikiza yonse ya mu ekala imodzi imapitirira makilomita 5, ndipo mtunda wonsewo mumauyenda mutawerama pogalauza, popalira ndi pobandira. Mpini waufupi umakakamiza chifuwa kugwa mpaka kuyang'anizana ndi nthaka, ndiye minofu ya msana imagwira theka la thupi lanu m'malere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Mpini wofika cha pachifuwa umalola munthu kuwerama pang'ono chabe. Ulinso ndi phindu lina: khasu likakhala kumapeto kwa mpini wautali limazungulira mtunda waukulu, limafika pansi ndi liwiro lochuluka, ndipo limalowa m'nthaka ndi kulemera kwake komwe, osati ndi mphamvu ya mapewa anu. Ndivomereze kuti pamalo otsetsereka kwambiri, mukamalima moyang'ana kumtunda, nthaka imakhala kale pafupi ndi manja, ndipo mpini wapakatikati umakwanira. Popalira pabedi la anyezi kapena karoti, kakhasu kakang'ono n'kabwino, koma pamenepo nyonyomalani kapena gwadani bondo limodzi m'malo mowerama miyendo ili chiwongokere. Khasu lobuntha limafuna kumenya kawiri pamene lakuthwa likadamenya kamodzi, choncho linoleni. Mukamaliza mzere, imirirani, ikani manja m'chiuno ndi kupendamira kumbuyo pang'ono musanayambe wina, ndipo muzisinthanitsa dzanja ndi phazi lotsogola.

Funso lachitatu linachokera kwa amayi a kalabu ina amene amatsika ndi madengu a tomato ndi kabichi kupita kumsewu wa M1. Iwo anafunsa ngati kusenza pamutu kumawononga khosi.

Kusenza pamutu kuli ndi nzeru yake, chifukwa katundu amakhala pamzere umodzi ndi msana, ndipo palibe mgwala umene ukulimbana ndi minofu. Kafukufuku amene anachitika pakati pa amayi achiluo ndi achikikuyu ku Kenya, n'kusindikizidwa mu 1986, anapeza kuti amayiwo ankasenza katundu wofika gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwa thupi lawo popanda kuwonjezera mphamvu zimene amagwiritsa ntchito poyenda. Kwa mayi wolemera makilogalamu 60, ndiye kuti makilogalamu 12. Kupitirira pamenepo thupi limayamba kulipira, ndipo timafupa 7 ta m'khosi n'tating'ono kuyerekeza ndi ta m'chiuno. Ngozi yaikulu ili pa kudzitwika ndi kudzitula nokha, komanso potsika phiri nthawi ya mvula, pamene phazi likaterereka dengu limakokera mutu kumbali mwadzidzidzi. Pemphani mnzanu akutwikeni ndi kukutulani, pindani nkhata yokhuthala, yendani timapazi tifupitifupi potsika, ndipo ana musawasenzetse ndowa ya akulu. Pamene njira ikulola, wilibala imathandiza, makamaka mukaunjika katundu kutsogolo pafupi ndi tayala kuti tayalalo lisenze gawo lalikulu.

Msana wotopa ndi ntchito nthawi zambiri umachira pakapita masiku kapena masabata ochepa, ndipo kuyendayenda pang'ono kumathandiza kuposa kugona pamphasa tsiku lonse. Koma ululu ukamatsikira m'mwendo mpaka kuphazi, mwendo ukachita dzanzi kapena kufooka, mkodzo kapena chimbudzi zikamavuta kuzigwira, kapenanso msana ukamapweteka pamodzi ndi kuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, siyani khasu ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.