Za Lisbon ndi bondo la amayi

Ee achimwene mwaswera bwanji kumeneko, alamu ali bwanji ndi ana. Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pa shifiti ya usiku ndiye foni inali mu loka, ndangoona panopa meseji yanu pa gulupu. Ndingolankhula basi chifukwa kuti ndilembe zonsezi zala zitopa. Mwafunsa kuti sitima yanu yapamadzi yonyamukira ku Southampton ija ikakaima ku Lisbon, likulu la Portugal, tsiku limodzi, amayi ndi bondo lawo lija akatsike kapena angotsala m'sitima momwemo poti mwamva kuti mzindawo ndi zitunda zokhazokha. Akatsike achimwene. Munthu wachokera ku Zomba konse, kudzafika pakhomo pa Lisbon n'kumangoonera pa windo? Ayi ndithu. Koma mundimvetsere bwino chifukwa ine ndinapitako mu 2024 ndi apongozi anga, miyezi ingapo chichitireni opaleshoni ya chiuno, ndipo ndinalakwitsa zinthu zina zomwe sindikufuna inu mukabwereze.

Zitunda zilipodi, sanakunamizeni, eni ake amautcha mzinda wa mapiri 7. Koma chomwe anthu sakuuzani ndi chakuti pomwe sitima imaima ndi pansi, m'mbali mwa mtsinje wa Tejo, pafupi ndi siteshoni ya Santa Apolónia, ndipo teminolo yake ndi yatsopano ndithu, anaitsegula mu 2017. Mukangotuluka n'kukhotera kumanzere, mtsinje uli kudzanja lanu lamanzere, msewu ndi wathyathyathya mpaka pa bwalo lalikulu lija la Praça do Comércio, mwina kilomita imodzi. Chitunda chili kutsogolo kwanu mukamatuluka, kumene kuli tinyumba tothinana toyera ta madenga ofiira, ndiye Alfama ameneyo. N'kokongola moti mtima umakukoka kuti tiyeni tingolowa pang'ono tione. Musalowe wapansi. Ife tinalowa, mphindi 10 zokha apongozi anali wefuwefu atagwira khoma la nyumba ya eni, timisewu take n'ting'onoting'ono tokhotakhota, ukati wakhota apa upeza masitepe, ukabwerera upeza enanso, ngati njira zachidule za ku Ndirande zokwerera ku phiri zija koma zoyala miyala.

Miyala imeneyo ndiye nkhani yaikulu, kuposa ngakhale zitundazo. M'mbali mwa misewu momwe mumayenda anthu anayalamo timiyala ting'onoting'ono toyera ndi takuda, okha amati calçada, amapanga nato maluwamaluwa ndi mafunde, pa chithunzi mpaka kusilira. Koma tapondedwa zaka zambirimbiri ndiye tinasalala ngati sopo, makamaka toyerato, kukangowaza kamvula kapena wa shopu akangothira madzi pakhomo pake basi poterera. Penanso tazuka, pali timaenje, ndodo imalowa. Apongozi ndodo yawo labala yakunsi inali itadyeka, ine osaona, pa kamtsetse kena kosaopsa n'komwe ndodo inangoti fyuu kutsogolo iwo n'kukhala pansi phwa. Mwamwayi ndinali nditawakolowekera mkono ndiye anatsika pang'onopang'ono, sanavulale, koma manyazi ndi mantha tsiku lonse linasokonekera pomwepo. Ndiye musananyamuke muyang'ane ndodo ya amayi kunsi, ngati labala yasalala mugule ina ku famase, ndi yotchipa. Ndipo nsapato, chonde, zija za kutchalitchi za kachidendene azisiye m'kabini, masilipasi ayi, avale matirena omanga zingwe a labala yogwira. Akana, ndikuwadziwa, anena kuti sizikugwirizana ndi chitenje. Muwauze kuti ndanena ine.

Chinanso chomwe ndinaphunzira, ndipo ku ntchito kwathu timachiona daily ndi agogo omwe timawasamala, bondo limadana ndi kutsika kuposa kukwera. Anthu amati tikwere pa galimoto mpaka pamwamba kenako tizitsika wapansi pang'onopang'ono tikuona malo, kwa inu ndi alamu zili bhobho, koma kwa amayi ndiye kuwapha kumene, thupi lonse limatsamira pa bondo lodwalalo pa miyala yoterera. Pokwera galimoto, potsikanso galimoto. Miyendo yawo muisungire malo athyathyathya.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. M'mawa musathamangire kutsika ndi chigulu, asiyeni a maulendo okonzedwa aja atuluke kaye, inu mudye bulekifasi bwinobwino. Mlatho wotsikira uja kupendekeka kwake kumasintha, chifukwa Tejo pamenepo madzi ake amakwera ndi kutsika motsatira nyanja, nthawi ina umakhala bwino nthawi ina wozyolika, ndiye dzulo lake mukauze a pa desiki kuti muli ndi mayi wovutika kuyenda, amathandiza potsika ndi pokwera. Mukatuluka tengani takisi pompo, kapena itanani Uber kaya Bolt, zonse zimagwira kumeneko, muuzeni akakusiyeni ku Miradouro da Senhora do Monte ku Graça. Miradouro ndi malo oonera mzinda uli pamwamba. Pamenepo galimoto imafika pafupi penipeni, pali pokhala pansi pa mitengo, mzinda wonse uli pansi panu, mpanda wakale wachitetezo wa São Jorge uko, mtsinje uko, mlatho wofiira wa 25 de Abril kutali uko. Amayi akhale pansi aone, mujambule zithunzi zotumiza pa gulupu pano, basi chitunda mwathana nacho. Mukafuna pena pa kachiwiri ndi Portas do Sol, pomwe mumaona madenga a Alfama ndi sitima yanu yomwe ili pansi. Ku mpanda wa São Jorge kweni kweniko ine ndingati kusiyeni, mkati mwake pansi ndi pokumbikakumbika ndipo kuti ufike pamwamba pa makoma ndi masitepe opanda chifundo.

Muona ma tuk-tuk ali mbwee pa geti akukuitanani, ngati anyamata a kabaza pa depoti. Amafika m'timisewu momwe takisi imavutika, zoona, koma pokwerera pake ena ndi patali ndi pansi, ndipo pa miyala paja amagwedeza msana mpaka mano kuombana. Ngati amayi awakonda, ayese kaye kukwera asanalipire, ndipo mtengo mugwirizane musananyamuke, wa onse kapena wa munthu mmodzi, ife wina anatizunguza mutu pamenepo pobwerera.

Tiramu yachikasu ija ya pa mapositikhadi, kasitima koyenda mumsewu, nambala 28, aijambule ikudutsa koma asakwere. Sitepe yake ndi yaitali, mkati mumadzaza ngati minibasi ya madzulo, mipando ndi yochepa, ikamakhota pa zitunda umagwira ndi manja awiri, komanso opisa m'matumba amakonda momwemo. Palinso tija tokokedwa ndi chingwe tokwera chitunda, kamodzi kotchedwa Glória kanachita ngozi yoopsa pa 3 Seputembala 2025, anthu 16 anamwalira, ndipo zitatero anaimitsa tinzake kuti ationenso, ndiye musakonze tsiku lanu modalira timeneto. Chikepe chachitsulo chija cha Santa Justa, cha mu 1902, n'chokongola kuchiona uli pansi mu Baixa, dera lakumunsi la pakati pa mzinda, koma layini yake ife tinangoiona n'kudutsa, munthu wa bondo kuima pa dzuwa nthawi yonseyo ayi. Zilipo zikepe zina zaulere zomwe alendo ambiri sazidziwa, china cholowera mu Rua dos Fanqueiros n'kutulukira msewu wapamwamba wa Madalena, kenako china pa Chão do Loureiro, m'nyumba momwe muli supamaketi, chimakukwezani chakumpanda kuja. Zimathandiza, koma pakati pake pamafunikabe kuyenda ndipo ukatuluka chitunda chimakhala chisanathe, ndiye ndangokuuzani kuti mudziwe.

Mukatsika kuphiriko auzeni akusiyeni ku Baixa. Kumeneko ndiye kwa amayi. Dera limenelo linagwa lonse ndi chivomezi cha pa 1 Novembala 1755, ndiye pomanganso a Marquês de Pombal, nduna ya mfumu nthawi imeneyo, analiyala misewu yowongoka ngati mizere ya m'munda, lonse lathyathyathya. Rua Augusta mulibe magalimoto, muli mashopu ndi malo omwera khofi mipando ili panja, amayi akayenda pang'ono akhale, akayenda pang'ono akhale, mpaka kutulukira pa chipata chachikulu chija n'kufika pa Praça do Comércio pa mtsinje. Za toileti muzifunsa musanakhale pansi n'kuitanitsa zakudya, nyumba zake ndi zakale ndiye malo ambiri chimbudzi chili pansi kapena pamwamba, masitepe opapatiza. Mungoti casa de banho, aloza, alamu akaone kaye. Chipwitikizi chija munkatola ku Tete ndi malole chidzagwire ntchito, ngakhale obrigado yekhayo.

Nthawi ikakhalapo ndipo amayi akadali ndi mphamvu, Belém. Ndi makilomita ngati 7 kuchokera pomwe pali sitima, kutsata mtsinje, konse kwathyathyathya. Basi nambala 728 imadutsa ku Santa Apolónia mpaka kumeneko, tiramu 15E imadutsa pa Praça do Comércio ndipo zambiri zake ndi zatsopano zapansi zosavuta kukwera, koma zimadzaza, anthu atatu ndi mayi wa ndodo ine ndingatenge takisi. Kuli tchalitchi chachikulu cha Jerónimos momwe muli manda a Vasco da Gama, uja tinkaloweza mu hisitole, amayi ndi chikondi chawo cha matchalitchi akasangalala, kungoti Lolemba amatseka ndiye muone tsiku lomwe sitima ikufika. Pafupi pomwepo pali shopu ya timakeke ta kasitadi tija, Pastéis de Belém, akhala akuphika kuyambira 1837. Layini ya panja ndi ya ogula n'kumapita, inu mufunse zokhala mkati, ndi mwamukulu kuposa momwe mumaonekera panja. Shuga wa amayi ndikudziwa, kamodzi kokha, mugawane. Koma tcheru apa, pakati pa tchalitchi ndi mtsinje padutsa msewu waukulu ndi njanji, powolokera ndi pansi pa msewu pa masitepe kapena pa mlatho wapamwamba. Pa mapu pamaoneka pafupi, ife tinafika pa masitepewo n'kubwerera. Ngati akufuna kuona nsanja ya Belém ndi chipilala chija cha m'mbali mwa madzi, takisi ikusiyeni mbali ya kumtsinjeko.

Tsopano nkhani ya wilitcheya, ndikudziwa ndiyamba nayo mkangano. Amayi akumva pa gulupu pano, amayi pepani ndinenabe. Achimwene pezani yopinda yopepuka mupite nayo, ndipo muwauziretu a sitima pobukitsa. Si kuti amayi ndi olumala ayi, aziyenda okha akafuna, akhoza kumaikankha ngati chogwirira zikwama zili pampando, akatopa akhale. Sitima yokhayo makonde ake ndi aatali, kuchoka kukabini kukafika kodyera ndi ulendo. Apongozi anakana kwamtuwagalu, ati anthu aziti chiyani, pofika 2 koloko masana ndi omwe ankafunsa kuti kodi kulibe kobwereka. Kungoti ya timatayala ting'onoting'ono kutsogolo imakodwa m'timiyala tija, wokankha azipita pang'onopang'ono ndipo potsika pa kakhonde ka msewu azitsika chambuyo.

Malo awiri kapena atatu basi, musawonjezere. Ndipo nthawi yobwerera yomwe alemba pa khomo lotulukira muijambule pa foni, inu muzikhala mwafika ola lathunthu isanakwane, chifukwa mukapita panokha sitima sidikira munthu, ndipo amayi sangathamange. Mwayi wake nthawi ya ku Lisbon ndi ya kuno ku UK ndi imodzi, palibe zosintha wotchi, koma ngati dzulo lake munaima ku Spain muonetsetse nthawi yomwe sitima ikutsatira. Mankhwala awo a tsikulo, botolo la madzi ndi ma euro pang'ono a m'manja zikhale mu kachikwama kakutsogolo.

Eya, ndikanaiwala chachikulu. Amayi pasipoti yawo ndi ya Malawi, viza ya UK siigwira ntchito ku Portugal, pakufunika ya Schengen yolowera maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo a sitima amatha kumukaniza munthu kukwera ku Southampton komweko ngati alibe mapepala a maiko omwe mukudutsa, ngakhale atati sakatsika. Inu ndi alamu muli ndi za kuno ndiye mwina simunaziganize. Imbani foni mawa lomwe mufunse, musadikire. Inshuwalansi yawonso mutchule za bondo ndi shuga, musabise.

Alamu anditumizire saizi ya nsapato ya amayi, matirenawo ndigula ine Loweruka ndikamapita ku tauni. Ndikagone kaye, maso akutsekeka okha.