Chifukwa chake zithunzi za m'kati mwa magazini a pulp zilibe utoto

Mwafunsa chifukwa chimene chikuto cha magazini akale a ku America monga Adventure kapena Argosy chimawalira ndi mitundu pomwe zithunzi za m'kati ndi za inki yakuda yokha. Nkhani yagona pa pepala.

Mu 1896 Frank Munsey anasandutsa Argosy kukhala magazini ya nthano zokhazokha, yosindikizidwa pa pepala lotchipa lopangidwa ndi phala la mitengo, lomwe pa Chingerezi amati pulp. Adventure inayamba mu 1910 pa pepala lomwelo. Pepala limeneli ndi lokhakhala ndipo limamwa inki. Chithunzi cha mithunzi yofewa chimasindikizidwa ndi timadontho ting'onoting'ono totchedwa halftone, ndiye pa pepala lotere timadonthoti timafalikira n'kugwirana, nkhope ya munthu n'kusanduka chimbuuzi chakuda. N'chifukwa chake ojambula ankagwiritsa ntchito peni ndi inki kapena burashi youma, mthunzi ankaupanga ndi mizere yopingasana. Chojambulacho ankachisamutsira pa chitsulo chosindikizira cha zinki, chomwe chimangodziwa chakuda ndi choyera.

Chikuto chinali china. Ankachisindikiza pa pepala losalala, kuchokera ku chithunzi cha penti ya mafuta chachikulu kuposa magaziniyo, ndipo wojambula ankasiya mpata pamwamba woti palembedwe dzina. Magazini ya The Saturday Evening Post, yomwe sinali ya pulp, inali ndi pepala losalala mpaka m'kati, motero halftone sinkavuta.

Musawapeputse ojambula a m'katiwa. Onani ntchito ya Virgil Finlay mu magazini ya pulp ya Weird Tales kuyambira 1935: nthawi zambiri mthunzi ankaumanga ndi timadontho ta peni, kamodzikamodzi.