Njira zopalasamo njinga m'mbali mwa ngalande ndi mitsinje

Mwafunsa kumene mungapeze njira za dothi ndi miyala ing'onoing'ono kumidzi, zoti mungapalasemo njinga tsiku lonse popanda kupanikizidwa ndi magalimoto, ndiponso ngati kuli bwino kutsata ngalande kapena mtsinje. Yankho langa ndi lakuti muyambe ndi ngalande zakale zimene munkayenda mabwato a katundu, koma muziyenda podziwa kuti njira zimenezi sanazilambulire njinga, anazilambulira akavalo. Mukamvetsa zimenezo, ubwino wake ndi zovuta zake zonse sizidzakudabwitsani.

Sitima za pamtunda zisanafalikire, katundu wolemera monga malasha, miyala ndi matabwa ankayenda pa madzi. Bwato linalibe injini, choncho kavalo ankayenda pamtunda m'mbali mwa ngalande atamangiriridwa chingwe chachitali, n'kumalikoka pang'onopang'ono. Popeza madzi a m'ngalande amakhala pamlingo umodzi, kanjira ka kavaloko nakonso kamangoyenda molambalala popanda zitunda, ndipo pamene malo akwera anamangapo zipata zotsekera madzi zimene zimakweza kapena kutsitsa bwato. N'chifukwa chake munthu angathe kupalasa makilomita ambiri osasintha giya. N'chifukwa chomwechonso kanjirako kamakhala kopapatiza, pakuti kavalo mmodzi ndi womutsogolera sankafuna malo aakulu, ndipo pansi pa milatho kamachepa kwambiri moti phewa likhoza kukhudza khoma pamene tayala lili pafupi ndi madzi.

Ku England ndi Wales ngalande zambiri zili m'manja mwa bungwe la Canal & River Trust, limene linayamba ntchito mu 2012 ndipo limasamalira njira za madzi zokwana makilomita pafupifupi 3,200. Silifuna chiphaso kwa wopalasa njinga, koma limanena poyera kuti oyenda pansi ndiwo oyamba kupatsidwa mpata. Kwa munthu woyamba kumene ndingatchule ngalande ya Kennet and Avon ya kumwera kwa England, imene inatha kumangidwa mu 1810. Chigawo cha pakati pa matauni a Bath ndi Devizes n'chosalala bwino, ndipo mukamayandikira Devizes mumafika pa Caen Hill, pamene zipata za madzi 29 zimakweza mabwato mamita 72 pa mtunda wa makilomita atatu okha. Apo ndiye mudzatuluka thukuta pang'ono. Kum'mawa kwa Devizes kuli zigawo za udzu ndi mabampu zimene zimatopetsa manja, makamaka mvula ikagwa.

Njira imene ndimaiona kuti ikugwirizana kwambiri ndi zimene mwafunsa ili ku America, m'mbali mwa ngalande ya Chesapeake and Ohio. Imayambira ku Georgetown mu mzinda wa Washington n'kukathera ku Cumberland m'chigawo cha Maryland, mtunda wa makilomita pafupifupi 297, ndipo ulendo wonsewo imatsata mtsinje wa Potomac, moti nthawi zambiri mumakhala ndi mtsinje mbali ina, ngalande mbali inayo. Ntchito yokumba inayamba mu 1828, inafika ku Cumberland mu 1850, ndipo mabwato analeka kuyendamo mu 1924 madzi osefukira atawononga kwambiri. Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti njira imeneyi inatsala pang'ono kusanduka msewu wa magalimoto. Mu 1954 William O. Douglas, woweruza wa bwalo lalikulu la dzikolo, anatsutsa maganizo amenewo potsogolera anthu kuyenda pansi m'njirayo kuti adzionere okha chimene chikanatayika, ndipo mu 1971 boma linasandutsa malowa paki yotetezedwa yosunga mbiri yakale. Lero pansi pake ndi dothi ndi miyala yophwanyaphwanya, ndipo m'njira muli malo omangapo matenti a oyenda pansi ndi a njinga. Musaiwale tochi, chifukwa pa Paw Paw ngalande inaboola phiri mamita pafupifupi 950, ndipo m'kati mwake muli mdima wandiweyani ndi madzi odontha, moti n'kwanzeru kutsika n'kukankha njinga. Mukafika ku Cumberland muli ndi mphamvu, njira ya Great Allegheny Passage imapitirira mpaka ku Pittsburgh, makilomita enanso pafupifupi 240, ngakhale kuti imeneyo inadzera kwambiri mmene munali njanji ndipo imakwera pang'onopang'ono.

Ambiri adzakuuzani za Canal du Midi ya ku France, ndipo sakulakwa, chifukwa ndi yokongola ndiponso ndi yakale kwambiri: inatsegulidwa mu 1681, inakonzedwa ndi Pierre-Paul Riquet, ndipo imayenda makilomita 240 kuchokera ku Toulouse kulowera ku nyanja ya Mediterranean. Chimene zithunzi sizionetsa ndi mizu ya mitengo imene yadutsa m'njira m'zigawo zina, ndi matope amene amamata matayala mvula ikagwa. Mitengo yambiri imene inkapereka mthunzi inadulidwanso chifukwa cha matenda, kotero pali malo amene dzuwa limakuwombani popanda pobisala.

Za mitsinje ndinene mwachidule. Mtsinje sunakumbidwe ndi munthu, umakhota mmene wafunira, umasefukira, ndipo umagumula magombe ake. Njira yotsata mtsinje imatha kukuthawitsani kumadzi kwa kanthawi n'kukulowetsani mu msewu wa magalimoto kuti mukaoloke pa mlatho, ndipo mvula ikagwa yambiri kumtunda chigawo china chimatha kumira ngakhale kumene inu muli kuli ngwee. Njira zina zotchuka za m'mbali mwa mitsinje, monga ya Danube pakati pa Passau ku Germany ndi Vienna ku Austria, n'zabwino kwambiri koma mbali yaikulu ndi ya phula, ndiye sizingakupatseni chimene mukufuna. Musananyamuke onetsetsani pa mapu ngati chigawo chimene mwasankha n'chololedwa kwa njinga, chifukwa njira zina za m'mbali mwa mitsinje ndi za oyenda pansi okha.

Pa nkhani ya njinga, musataye mtima ngati mulibe yodula. Chofunika kwambiri ndi matayala. Aakulu mamilimita 38 mpaka 45 m'lifupi amakwanira pa njira zambiri zotere, ndipo musawapope mpaka kulimba gwa, chifukwa tayala lofewerapo limagwira bwino pa miyala yoyendayenda ndipo silikugwedezani kwambiri msana. Mdani wamkulu m'njira za ngalande ndi minga. Mipanda ya zitsamba imene imalekanitsa njira ndi minda ikangodulidwa, minga imamwazika paliponse, ndipo ine ndinabooledwapo katatu tsiku limodzi pa chigawo chachifupi, mpaka zigamba zinandithera dzuwa likadali pamutu. Kuyambira pamenepo ndimanyamula machubu awiri, pampu ndi zomatira, ndipo ndikamata ndimapapasa kaye m'kati mwa tayala ndi chala kuti ndichotse munga umene watsalira, chifukwa ukatsala chubu chatsopano chimaphwanso nthawi yomweyo. Matayala opanda chubu, amene amathiridwa madzi omata m'kati, amachepetsa vuto limeneli kwambiri. Fumbi la miyala yophwanya limadyanso tcheni, choncho muzilipukuta n'kulithira mafuta pang'ono madzulo aliwonse.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna kutsindika, chifukwa n'chimene chimaipitsa mbiri ya ife opalasa njinga: liwiro. Kusowa kwa magalimoto kumanyenga munthu kuti athamange, pamene m'njira imeneyi iyeyo ndiye wasanduka galimoto kwa anzake. Mudzakumana ndi ana, agalu, okalamba, asodzi amene ndodo zawo zazitali zimapingasa njira akamakoka mbedza, ndiponso anthu okhala m'mabwato amene zingwe zawo ndi zikhomo zomangirapo zili m'mphepete mwenimweni mwa njira. Lizani belu mukadali patali, osati mutafika kale kumbuyo kwa munthu, chifukwa wodzidzimuka amatha kulumphira kumene inu mukufuna kudutsa, ndipo mbali ina kuli madzi. Pa mlatho uliwonse umene simukuona kutsogolo kwake chepetsani liwiro, lizani belu, ndipo ngati denga lili lotsika kapena miyala ya pansi ili yonyowa, tsikani. Milatho ina anaimanga kuti kavalo aolokere tsidya lina popanda kumasula chingwe, ndiye njira imakhota mwadzidzidzi n'kupitirira mbali ina ya ngalande. Pokonza ulendo werengerani makilomita 12 mpaka 15 pa ola limodzi, chifukwa kuimaima kumeneku kumadya nthawi kuposa mmene mapu amaonetsera.

Madzi a m'ngalande sayenda kwambiri, ndipo makoswe amene amakhala m'mphepete mwake amatha kufalitsa matenda kudzera mu mkodzo wawo. Musatsukiremo botolo kapena chilonda, sambani m'manja musanadye, ndipo mukagweramo kenako n'kuyamba kumva kutentha thupi ndi kuphwanya m'masiku otsatira, pitani kuchipatala mukanene kuti munagwera m'madzi otere. Pa ulendo woyamba sankhani chigawo chimene njanji imayenda pafupi ndi ngalande, zimene si zachilendo chifukwa omanga njanji ankatsata zigwa zomwezo, kuti miyendo ikakana kapena nyengo ikasintha mukwere sitima pobwerera. Funsani kaye ngati sitimayo imalola njinga pa nthawi imene mukufuna kukwera.