Kodi kuchiza sickle cell posintha majini n'kulowerera ntchito ya Mlengi?

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wake wa zaka 9 ali ndi sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo, ndipo waona pa Facebook kuti kunja akuchiza matendawa posintha majini. Akufunsa ngati kuteroko si kulowerera ntchito ya Mlengi, komanso ngati zidzukulu zake sizidzabadwa zosinthika.

Mayi, majini tikunena pano si mizimu ija ayi, ndi malangizo a mu DNA amene mwana amatengera kwa makolo. Chithandizo mwaonacho chilipodi, dzina lake Casgevy. Britain inachivomereza mu November 2023, America pa 8 December chaka chomwecho, kwa odwala a zaka 12 kupita m'tsogolo. Koma si jakisoni wongobayitsa n'kubwerera kunyumba.

Wodwala amayamba wasiya hydroxyurea, mankhwala amene odwala sickle cell amamwa, n'kumaikidwa magazi kwa milungu 8 kapena kuposa. Kenako amabayidwa plerixafor, mankhwala otulutsa maselo opanga magazi m'mafuta a m'mafupa kuti alowe m'mitsempha, makina n'kuwasefa. Kawirikawiri ulendo umodzi sukwanira. Ku labotale, chida chotchedwa CRISPR chimadula pamalo olamulira jini ya BCL11A, imene imazimitsa pang'onopang'ono hemoglobin wa khanda mwana akabadwa (hemoglobin ndi chimene chimanyamula mpweya m'maselo ofiira a magazi). N'chifukwa chake mwana wa sickle cell amaoneka wabwinobwino miyezi yoyambirira: hemoglobin wa khandayo amakhala akadalipo, ndipo salola maselo ofiira kupindika ngati chikwakwa. Madokotala amangodzutsanso hemoglobin ameneyu. Jini yolakwika yoyambitsa sickle cell sayikhudza n'komwe.

Povuta ndi pobwezera maselowo. Kuti apeze malo, mafuta akale a m'mafupa amaphedwa ndi busulfan, mankhwala a khansa, kwa masiku 4. Tsitsi limathothoka, m'kamwa mumachita zilonda moti kumeza phala ndi nkhondo, chitetezo cha thupi chimatsika kwambiri, ndipo munthu amagona m'chipatala milungu 4 mpaka 6. Busulfan yemweyo amatha kupha mphamvu yobereka, nchifukwa chake amayamba asunga mazira kapena umuna mufiriji. Zotsatira zake n'zoona: pa kafukufuku amene boma la America linadalira, odwala 29 mwa 31 anatha chaka chathunthu osagwidwa ndi ululu woopsa wa matendawa.

Za zidzukulu musadandaule. Zosinthazo zimathera m'maselo a magazi, sizifika ku mazira kapena umuna. Wochizidwayo akabereka amapatsirabe mwana jini ya sickle cell monga kale. Kusintha mbewu ya munthu ndi nkhani ina, ndipo anachitapo He Jiankui wa ku China. Mu November 2018 analengeza kuti kwabadwa mapasa amene anawasintha jini ya CCR5 asanaikidwe m'mimba, ati kuwateteza ku HIV. Anawo sankadwala chilichonse, njira zina zowatetezera zinalipo, ndipo chimene chinalakwika podulapo adzapatsira ana awo. Khoti linamulamula kukhala m'ndende zaka 3. Kumeneko ndiye kupyola malire. Koma kukonza magazi a mwana amene akugubuduzika ndi ululu wa m'mafupa sindikuona kusiyana kwake ndi kumuika magazi a munthu wina, zimene ambiri timavomera osafunsa.

Ine chimene chimandiwawa ndi mtengo. Ku America, pamene inavomerezedwa mu 2023, Casgevy inali madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi, ndipo mnzake Lyfgenia inali 3.1 miliyoni, osawerengera bedi la m'chipatala. Ana ambiri obadwa ndi sickle cell padziko lonse ali kuno kum'mwera kwa Sahara, kumene ena amamwalira asanayezedwe n'komwe, abale n'kumalozana zala za ufiti. Anthu amathera mpweya kukangana ngati tikusewera ndi chilengedwe, za amene adzakwanitse kulipira ali duu.

Nanga panopa?

Kafunseni ku chipatala chachikulu za hydroxyurea. Ndi kapisozi wa tsiku ndi tsiku, amakwezanso hemoglobin wa khanda yemweyo, ndipo kafukufuku wa ana a ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda anaonetsa kuti amachepetsa ululu, kuikidwa magazi ndi imfa. Amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Neti usiku uliwonse, madzi ambiri, juzi m'miyezi ya June ndi July, ndipo thupi likatentha pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti akugulitsa mankhwala osintha majini a m'botolo, musatumize ndalama.